Mowa wa mu kegi wosagwira gasi: zimene ndinapeza m'galaja ku Turffontein

Ntchito yanga ndi yokonza mafiriji ndi mipopi ya mowa m'mabala ndi m'malo odyera kuno ku Joni, ndipo kunyumba nanenso ndimafulula wanga pang'ono. Lipoti ili ndi la kegi (mgolo wachitsulo wosungiramo mowa pa presha) ya alamu anga, amuna a mlongo wanga, omwe amakhala ku Turffontein. Anandilola kuti ndilembe. Mavuto atatu anakumana m'kegi imodzi, ndipo limodzi mwa atatuwo limadza ndi mzinda uno, moti aliyense wofulula kuno ali nalo, kaya akudziwa kaya sakudziwa.

Mmene zinayambira

Alamu anaphunzira kufulula mowa wa chimera cha balere ndi hops ali ku Cape Town, komwe anagwira ntchito ya m'khitchini kwa zaka zingapo. Posamuka anatenga zipangizo zawo zonse: makegi a Cornelius a malita 19, aja kale ankasungiramo zakumwa zoziziritsa kukhosi, silinda ya gasi wa CO2 ya makilogalamu 2, regyuleta (chipangizo chochepetsa presha yochokera m'silinda) ya mageji awiri ndi kampopi kakuda kapamanja. Anatenganso kakhadi komwe anamata pa chitseko cha firiji. Pakakhadipo panalembedwa kuti madigiri 4, 12 psi, masiku 10, kutanthauza kuzizira kwa mowa, presha ya gasi (psi ndi muyeso wa presha) ndi nthawi yodikira. Kugombe kuja malangizo amenewa sanawagwiritsepo mwala, n'chifukwa chake amawakhulupirira kwambiri.

Mowa womwe tikunenawu ndi blonde ale, mtundu wa mowa wa balere woyererako, ndipo anaufululira chinkhoswe cha mwana wawo wamkazi. Poti ine ndi malume ake a mtsikanayo, nkhaniyi inali yanganso. Anandiimbira Lachisanu lina mu Novembala kutatsala masabata anayi. "Alamu, mowa wapsa bwinobwino, fungo nalo lili bwino, koma uli zii ngati Fanta yogona patebulo. Wakhala pa gasi masiku 16."

Ndinapita m'mawa mwake. Choyamba ndinafuna kusiyanitsa thovu ndi gasi, chifukwa anthu ambiri akamati mowa ulibe gasi amakhala akunena za thovu lomwe lafa msanga, ndipo chopha thovu nthawi zambiri ndi tambula yamafuta kapena yotsalira sopo. Ndinatsuka tambula ndekha ndi madzi otentha, n'kuthira. Thovu linakwera kufika msinkhu wa chala chopingasa, mphindi isanathe n'kuti pamwamba pali yeee. Pansi pa tambula sipankachoka timathovu tija timakwera pamzere. Palilime sunkaluma. Ndinathiranso wina m'kabotolo ka pulasitiki kufika pakati, ndinakafinya kuti mpweya utuluke, n'kutseka, n'kukhutchumula. Mowa wa gasi wokwanira umatupitsa botolo n'kukhala gwaa. Ili linangowongoka pang'ono, chala n'kumalowabe. Apa zinatsimikizika kuti vuto si la tambula.

Ife amene tinakulira pa masese ndi Chibuku tinazolowera mowa womwe umabwera ukuwirabe, gasi wake akuchokera ku yisiti yamoyo. Wa mu kegi ndi wina. Umalowamo utamaliza kuwira, ndiye gasi timachita kumukankhiramo ndi presha. Muyeso wake timati mavoliyumu. Voliyumu imodzi ndi lita imodzi ya CO2 yosungunuka mu lita imodzi ya mowa, yomwe pasikelo ndi magalamu pafupifupi 2. Lager ya m'botolo ngati Carlsberg imakhala chapafupi ndi mavoliyumu 2.5, ndipo alamu ankafuna pomwepo.

Funso lomwe linatsegula nkhani

Ndinawafunsa ngati silinda imakhala yotsegula usana ndi usiku. Anati ayi. Silinda yoyamba ya kuno ku Joni inatha patangodutsa makegi awiri, ndiye poopa kuwononga ndalama anayamba kutseka valavu akamagona ndiponso akamapita kuntchito. Gasi ankamutsegula madzulo okha, maola anayi kapena asanu.

Mawerengedwe ake ndi awa. Kegi ya malita 19 pa mavoliyumu 2.5 imasunga magalamu pafupifupi 95 a CO2, koma magalamu ngati 30 amakhalamo kale kuchokera pa kuwira kuja. Ofunika kuwonjezera ndi 65. Kukankha mowa wonse mpaka kegi iume kumadya ena ofanana nawo. Tinene kuti kegi imodzi imatenga magalamu 150 tikaphatikiza ndi wotayika potulutsa mpweya. Silinda ya makilogalamu 2 iyenera kupitirira makegi 10. Ikatha pa awiri ndiye kuti penapake pakudontha.

Alamu anandiloza geji yaikulu, ya presha ya m'silinda, yomwe inkaonetsa chapafupi ndi 60 bar (bar ndi muyeso wina wa presha), akuti silinda yatsopanoyi idakali yodzaza. Geji imeneyi imanamiza anthu ambiri. M'silinda CO2 amakhala wamadzi, ndipo malinga ngati mwatsala wamadzi ngakhale pang'ono, singano imangotsatira kutentha kwa m'chipinda: pa madigiri 20 imakhala pa 57 bar, kaya silinda ndi yodzaza kaya yatsala pang'ono kutha. Chonena zoona ndi sikelo. Paphewa pa silinda pamadindidwa kulemera kwake ikakhala yopanda kanthu. Tinachotsa regyuleta, tinaiika pasikelo, n'kuchotsera. Munali mutatsala makilogalamu 1.1. Magalamu 900 anapita m'masiku 16, pa kegi imodzi yomwe inali isanamwedwe n'komwe, silinda ikutsegulidwa madzulo okha.

Apa pali mfundo yomwe ndimafuna ofulula aimvetse. Kudontha kwakung'ono pakokha sikuphwetsa mowa ngati silinda ili yotsegula, chifukwa regyuleta imabwezeretsa chilichonse chotuluka ndipo presha imakhala pomwepo. Chimatha ndi gasi wa m'silinda basi. Koma ukatseka valavu, presha ya pamwamba pa mowa imatsika pang'onopang'ono, mowa n'kuyamba kubweza gasi yemwe unamwa. Zomwe kegi ya alamu inkapeza madzulo inkataya usiku ndi usana. Njira yawo yopulumutsira gasi ndi yomwe inasandutsa kudontha kukhala mowa wa zii.

Kusaka podontha

Ndinachotsa cholumikizira cha gasi pa kegi, ndinatsegula silinda kuti paipi idzaze, n'kutsekanso. Kwa mphindi 20 singano zonse ziwiri zinangoti chilili. Regyuleta, paipi ndi zomangira zake zinali bwino. Nditalumikiza kegi ndinapopera madzi a sopo pa chivundikiro, pa valavu yotulutsira presha, pa mitu yonse iwiri ya kegi, pomwe pamalumikizidwa paipi ya gasi ndi ya mowa. Palibe pomwe panatuluka thovu. Ndinabwereza kachiwiri, chimodzimodzi.

Chinandithandiza ndi kamangidwe kawo. Silinda inkakhala kunja kwa firiji, paipi ya gasi n'kumalowa podutsa pakati pa chitseko ndi mphira wake. Ndinawapempha kuti atseke chitseko pang'onopang'ono ine khutu lili pafupi. Chitseko chitangotsala pang'ono kugunda, chinakankha paipi, paipi n'kupendeketsa cholumikizira chotuwa chija, ndipo ndinamva kaphokoso kakuti tsii. Nditapendeketsa ndi chala chitseko chili chotsegula, timathovu tinatumphuka m'munsi mwake ngati malovu a nkhanu. Kudonthako kunkachitika chitseko chikakhala chotseka basi, nthawi yomwe palibe akuyang'ana.

Kamphira kozungulira ka pamutu wa gasi, O-ring, kanali kouma, kophwatalala mbali imodzi, ndipo nditakapinda kanaonetsa ming'alu iwiri yopyapyala ngati tsitsi. Ndinasintha timphira tonse tisanu ta kegiyo: wa chivundikiro, tiwiri ta pamitu ndi tiwiri ta timapaipi ta m'kati. Tonse ndinatipaka girizi wa zakudya pang'ono. Musanatsegule chivundikiro cha kegi muzikoka kaye valavu yotulutsira presha mpaka phokoso lithe. Pano chivundikiro sindinachisiye chotsegula nthawi yaitali, ndipo nditatseka ndinaika 30 psi kwa kanthawi kuti chikhale bwino pamalo pake, kenako ndinakoka valavu ija kasanu kuti mpweya wamba womwe unalowa utuluke. Mpweya wamba geji imauwerenga ngati presha, koma mowa suupatsa gasi, ndipo umauwononga kakomedwe.

Kuzizira

Alamu ankaganiza kuti chalakwitsa ndi kuzimazima kwa magetsi. Ndinawauza kuti kegi yotsekeka bwino ikafunda kwa maola awiri kapena atatu siitaya kanthu. Gasi wina amakwera pamwamba, ikaziziranso amabwerera mu mowa. Choopsa ndi kufunda kwa tsiku ndi tsiku. Kachoyezera komwe anapachika pashelefu kankaonetsa madigiri 5, koma kameneko kamayeza mpweya wa pafupi ndi pozizira. Ndinathira tambula imodzi n'kutaya, ndinathira yachiwiri n'kuviikamo choyezera changa. Madigiri 8. Paipi ija inkasiya mpata pa mphira wa chitseko woti pensulo n'kulowa, ndipo galaja yamalata mu Novembala imatentha ngati uvuni.

Madzi ozizira amasunga gasi wambiri kuposa ofunda. Pa presha yomweyo, mowa wa madigiri 8 umagwira gasi wochepa ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu poyerekeza ndi wa madigiri 4. Alamu ankafuna tiboole khoma la firiji kuti paipi idutse. Ndinakana, chifukwa m'makoma a mafiriji ambiri mumadutsa timapaipi ta gasi wozizilitsa ndipo ukangoboola kamodzi firiji yatha. Tinachotsa shelefu, silinda n'kuilowetsa m'kati, choimirira, yomangidwa ndi lamba. Ndinawachenjezeratu kuti geji yaikulu itsika kufika cha m'ma 38 bar chifukwa cha kuzizira, asaganize kuti gasi watha.

Ndisanachoke ndinayeza gasi weniweni yemwe anali mu mowa. Ndili ndi geji yomangidwa pa cholumikizira chokha. Umachotsa paipi ya gasi, umatulutsa presha ya pamwamba, umagwedeza kegi, n'kudikira mpaka singano itasiya kuyenda. Inaima pa 7 psi, mowa uli pa madigiri 8. Kuno ku Joni zimenezo ndi mavoliyumu pafupifupi 1.6.

Za kutalika kwa mzinda uno

Apa ndi pomwe tinasiyana maganizo. Ndinati tiike regyuleta pa 14.5 psi, yomwe ndi 1 bar. Alamu analoza kakhadi kawo. "Alamu, 12 imeneyi ndamwera zaka. Mukakweza mundipatsa thovu lokhalokha, alendo adzamwa chiyani?"

Nkhani yake ili chonchi. Mu 1803 katswiri wina wa ku Manchester, William Henry, anaonetsa kuti kuchuluka kwa gasi wosungunuka m'madzi kumatsatira presha ya gasiyo pamwamba pa madziwo. Presha yomwe ikunenedwa ndi yonse, osati yomwe geji ikuonetsa. Geji imayamba kuwerenga kuchokera pa mpweya womwe watizungulira, umenewo imautenga ngati ziro. Ku Cape Town, m'mbali mwa nyanja, mpweyawo umalemera 14.7 psi. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo mpweya wa kuno ndi 12 psi kapena kupitirira pang'ono. Ndiye singano ikaloza 12, mowa wa ku Cape Town ukumva 26.7, wa ku Turffontein ukumva 24. Pa madigiri 4, woyambawo umafika mavoliyumu 2.5, winawu umathera pa 2.25 ngakhale muudikire mwezi wathunthu. Matchati ambiri omwe anthu amakopera pa intaneti anawerengedwa pa mulingo wa nyanja ndipo ambiri sanena zimenezo.

Mlongo wanga, yemwe ankatimvera ali pakhomo la galaja, ndi amene anagwira mfundoyi msanga. Anati n'chifukwa chake nyemba zimamuchedwera kupsa kuno kusiyana ndi kugombe. Ndi zoona: madzi kuno amawira pa madigiri pafupifupi 94 m'malo mwa 100, ndipo chochititsa ndi chomwecho, mpweya wopepuka. Lamulo losavuta kukumbukira ndi kuwonjezera theka la psi pa mamita 300 alionse. Wofulula ku Lilongwe kapena ku Blantyre, komwe ndi mamita 1,000 ndi pang'ono, awonjezere pakati pa 1.5 ndi 2 psi. Wa ku Dedza ali pafupi ndi ife a kuno.

Alamu anamva koma mtima sunakhazikike, ndipo sindinawakakamize. Nthawi inalipo, komanso pali ubwino wosintha zinthu pang'onopang'ono kuti udziwe chomwe chathandiza. Tinagwirizana kuti kegi ikhale pa 12 psi masiku 10, silinda osatseka ngakhale usiku umodzi. Anafunsanso za njira yachidule ija yoika 30 psi n'kumagubuduza kegi pansi. Imagwira ntchito, ndimaigwiritsa ntchito zikathina, koma n'kosavuta kupyola muyeso, ndipo kuchotsa gasi wopyola nako kumatenga nthawi. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ulendo wachiwiri ndi wachitatu

Ndinabwerera Lachiwiri madzulo patatha masiku 10. Mowa m'tambula unali pa madigiri 4. Silinda inatsika ndi magalamu ochepa chabe. Timathovu tinkakwera kuchokera pansi, thovu n'kukhala mpaka theka la tambula. Geji yanga inaima pa 12 psi, kusonyeza kuti mowa wamwa gasi yense yemwe ukanatha kumwa pa presha imeneyo. Alamu analawa, anakhala chete, analawanso. "Wadzuka ndithu. Koma sukuluma ngati uja wa ku Cape Town." Regyuleta anaikweza okha kufika pa 14.5.

Ndinene mosabisa kuti mwa mavuto atatuwa, la kutalika kwa mzinda ndi laling'ono. Kudontha pamodzi ndi kutsekatseka silinda ndi komwe kunapha mowa, kufunda n'kuwonjezerapo. Koma awiri oyambawo amatha ukasintha kamphira n'kutseka chitseko bwino, pomwe lachitatuli limatsalabe ngakhale zipangizo zonse zikhale zatsopano. Ndaona anthu akugula regyuleta ina, ena kusintha yisiti, chonsecho chofunika chinali kupotokola kasikuluu pang'ono.

Lamlungu lotsatira anandiimbiranso, ndipo mantha awo aja anali atapherezeka: mowa unkatuluka mwamphamvu, tambula n'kudzaza thovu, wotsala pansi n'kukhalanso wofooka. Ichi n'chinthu chomwe chimasokoneza ambiri, kuti mowa wa gasi wokwanira m'kegi ukhoza kufika m'tambula uli zii chifukwa gasi yense wathawira m'thovu pothira. Paipi yawo ya mowa inali ya mita imodzi yokha, yotakasuka m'kati. Paipi ya mowa ntchito yake ndi kubweza liwiro, kuti presha izitsika pang'onopang'ono mowa usanafike pampopi. Presha ikakwera paipi iyeneranso kutalika kapena kuchepa m'mimba. Kuno zimafunika kwambiri chifukwa mowa ukutulukira mu mpweya wopepuka ndipo gasi amafulumira kuthawa. Ndinaika ya mamita 3, ya mamilimita 5 m'kati, n'kuikulunga pamwamba pa kegi kuti yonse izikhala yozizira. Ndinawaonetsanso kuti kampopi azikatsegula konse nthawi imodzi, chifukwa kutsegula theka kumafinya mowa n'kupanga thovu. Tambula ya theka la lita inayamba kudzaza m'masekondi ngati 10, thovu la zala ziwiri pamwamba. Geji yanga inaima pa 14.5 psi pa madigiri 4, mavoliyumu 2.5.

Kegi imeneyo ndinaitenga kukaisunga m'firiji yanga, osailumikiza ku paipi iliyonse, kuti yachiwiri ilowe m'firiji yawo. Yachiwiriyo tinaisintha timphira isanathiridwe mowa, tinaiyesa ndi sopo chitseko chotsegula komanso tikupendeketsa cholumikizira ndi dzanja, n'kuiika pa 1 bar kuyambira tsiku loyamba. Inakhala masiku 12. Yoyamba ija nditaiyeza m'mawa wa tsiku la chinkhoswe, singano inali pomwe ndinaisiya.

Makegi onse awiri anatha dzuwa lisanalowe. Kakhadi ka pachitseko alamu sanakachotse, anangolemba mzere wina m'munsi mwake: Joni, madigiri 4 m'tambula, 14.5 psi, silinda osatseka. Mu Januwale tinaikanso silinda pasikelo. Kuchokera tsiku lomwe tinasintha timphira inali itatsika ndi magalamu pafupifupi 350, ndipo mphira wa chitseko, womwe paipi ija inausiya wopindika, ndinausintha tsiku lomwelo.